Kuwomba m'manja, mafunde a mawu kapena timecode: mungalunzanitse bwanji mawu ojambulidwa padera ndi kanema?

Maikolofoni ya pa kamera imatola chilichonse chimene chili pafupi ndi kamerayo: kupuma kwa wojambula, mphepo, kulira kwa lenzi ikamasuntha, ndi mawu a wolankhula amene afika atagunda kale makoma. N'chifukwa chake ojambula amaika maikolofoni ina pafupi ndi pakamwa pa munthu n'kuilumikiza ku rekoda yapadera. Mawu amatuluka oyera, koma mukafika pa kompyuta muli ndi mafayilo awiri amene sanayambire pamodzi, ndipo fayilo iliyonse inayendera wotchi ya chipangizo chake.

Pamenepa pali mavuto awiri amene ambiri amawatenga ngati limodzi. Loyamba ndi kupeza malo amene mawu ndi chithunzi zikukumana. Lachiwiri ndi kuonetsetsa kuti zikuyendabe limodzi pakatha mphindi 40. Njira zotchuka zolunzanitsira zimathetsa vuto loyamba lokha, ndipo amene sazindikira zimenezi amagula chida chodula n'kudabwa kuti milomo ikutsalirabe kumapeto kwa kanema.

Kulondola kofunika ndi kotani?

Pa kanema wa mafulemu (zithunzi zotsatizana zimene zimapanga kanema) 25 pa sekondi, fulemu imodzi imatenga mamilisekondi 40 (sekondi imodzi ili ndi mamilisekondi 1,000). Mawu a 48 kHz, ndiko kuti oyezedwa ka 48,000 pa sekondi, ali ndi miyezo (ma sample) 1,920 mu fulemu imodzi yomweyo. Muyezo wa ITU-R BT.1359, wa bungwe la padziko lonse loona za mauthenga, ukusonyeza kuti owonera amayamba kuzindikira vuto mawu akatsogola ndi mamilisekondi pafupifupi 45, kapena akatsalira ndi pafupifupi 125. Wa R37, wa bungwe la mawayilesi a ku Ulaya (EBU), umalola mamilisekondi 40 kutsogola ndi 60 kutsalira. Kusiyanaku kuli ndi chifukwa: m'moyo weniweni timaona kaye kenako n'kumva, moti khutu limakhululuka mawu ochedwa koma limakana msanga mawu ofulumira. Choncho mukakhala pakati pa mafulemu awiri osadziwa posankha, sankhani imene ichedwetse mawu pang'ono.

Kuwomba m'manja kapena kabolodi kowombera

Iyi ndi njira yakale kwambiri, ndipo sindikuona chifukwa chimene munthu angaisiyire ngakhale atakhala ndi zida zonse. Yatsani rekoda, yatsani kamera, tchulani mokweza nambala ya chigawo ndi ya ulendo umene mukujambula, kenako womberani kamodzi pamalo amene kamera ikuona manja onse awiri. Kutchula nambalako n'kofunika mofanana ndi kuwombako, chifukwa mafayilo a rekoda alibe chithunzi, ndipo pakakhala mafayilo 60 simungadziwe mwachangu kuti iyi ndi ya kanema uti.

Pokonza, yendani fulemu imodziimodzi mpaka mupeze yoyamba imene manja agundana. Ikani chizindikiro. Pa mzere wa mawu kuzani mafunde mpaka muone nsonga yakuthwa ya kuwombako, muike chizindikiro poyambira nsongayo, osati pakati pake. Kokani kuti zizindikiro ziwirizo zifanane.

Zolakwika zake n'zodziwika. Manja akathamanga kwambiri amaoneka mbuu mu fulemu imene mukuifuna, makamaka shutter (nthawi imene kamera imalowetsa kuwala pa fulemu iliyonse) ikakhala pa 1/50 ya sekondi. Kabolodi kowombera, kathabwa kokhala ndi kamtengo kogunditsa ka mizere yoyera ndi yakuda, kamaoneka bwino kuposa manja pa chifukwa chimenechi. Kenako pali mtunda. Mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, kutanthauza mamilisekondi atatu pa mita iliyonse. Wowomba akaima mamita 14 kuchokera pa maikolofoni, mawu ake amafika atachedwa ndi fulemu yathunthu, ndipo mukalunzanitsa pamenepo mawu a wolankhula adzatsogola milomo yake. Womberani pafupi ndi maikolofoni imene mawu ake adzagwiritsidwe ntchito, osati pafupi ndi kamera. Ngati kuwomba poyamba kungasokoneze mwambo kapena kudzidzimutsa munthu, womberani kumapeto musanazimitse chilichonse. Ogwiritsa ntchito kabolodi amakatembenuza chadodolido kuti wokonza adziwe kuti ndi ka kumapeto.

Kuipa kwa njirayi ndi nthawi. Zidutswa zisanu si nkhani. Zidutswa 200 ndi tsiku lathunthu.

Kulunzanitsa ndi mafunde a mawu

Apa pulogalamu imayerekeza mawu oipa a pa kamera ndi mawu abwino a rekoda, n'kupeza pamene mafunde awo akufanana. Mwa mapulogalamu okonzera kanema, DaVinci Resolve ili ndi Auto Sync Audio, Premiere Pro ili ndi Synchronize, Final Cut Pro ili ndi Synchronize Clips, ndipo mapulogalamu aulere monga Kdenlive ndi Shotcut nawonso amatha kulunzanitsa chidutswa ku mzere wa mawu umene mwausankha. Ubwino wake ndi liwiro, komanso simugula chida chilichonse.

Zonse zimadalira mawu a pa kamera. Mukazimitsa maikolofoni ya kamera poganiza kuti n'njopanda ntchito, njirayi yafera pomwepo. Ikakhala yoyaka koma mphepo yaphimba chilichonse, pulogalamu imasowa chofananitsa. Imasokonezekanso ndi mawu obwerezabwereza: nyimbo imene kolasi yake imabwera kanayi, kapena kanema wa nyimbo amene oimba abwereza maulendo khumi motsatira nyimbo imodzimodzi ya pa sipika. Pamenepo pulogalamu imatha kuika chidutswa pa kolasi yolakwika osakuuzani kuti yalakwa. Zidutswa zazifupi kwambiri, ndi zimene mulibe wolankhula, zimakanika kawirikawiri.

Pali kanthu kena kamene ambiri sakaganizira. Pulogalamu silunzanitsa mawu anu ndi chithunzi. Imawalunzanitsa ndi mawu a pa kamera. Kamera ikakhala mamita 5 kuchokera pa wolankhula, mawu a pa kamerawo achedwa ndi mamilisekondi 15, zimene palibe angazione. Ikakhala kumbuyo kwa holo, mamita 20, kuchedwako ndi pafupifupi mamilisekondi 58, ndipo pa chithunzi chokokedwa pafupi pa nkhope zimayamba kuoneka. Makamera ena amalembanso mawu awo atasemphana pang'ono ndi chithunzi. Kuwomba m'manja kumene munachita poyamba ndi kumene kungakuonetseni kusemphanaku, ndipo mukakupeza mumasuntha zidutswa zonse za kamera imeneyo ndi mlingo womwewo.

Kuti zikuyendereni, musaponyere pulogalamu mafayilo a masiku atatu nthawi imodzi. Agaweni m'mafoda a tsiku ndi chigawo, ndipo ngati rekoda inajambula mizere ingapo, iuzeni pulogalamu kuti iyerekeze ndi mzere umene ukumveka mofanana kwambiri ndi wa kamera, umene nthawi zambiri ndi wa maikolofoni ya pa ndodo.

Timecode

Timecode ndi nambala ya maola, mphindi, masekondi ndi mafulemu imene imalembedwa m'fayilo iliyonse. Kamera ndi rekoda zikakhala ndi nambala imodzi, pulogalamu imangoziika pamodzi popanda kumvetsera kalikonse. Mphepo, chete, nyimbo zobwereza, makamera anayi oyatsidwa ndi kuzimitsidwa nthawi zosiyana, zonsezi sizikhalanso vuto. Rekoda imalemba nthawiyo mu fayilo ya mawu ya WAV ya mtundu wa Broadcast Wave, imene EBU inakhazikitsa mu 1997, monga chiwerengero cha ma sample kuyambira pakati pa usiku.

Popeza wotchi za m'makamera ambiri n'zosadalirika, pamafunika timabokosi tosunga nthawi, monga ta Tentacle Sync, Deity kapena Ambient, kamodzi pa chipangizo chilichonse. M'mawa mumatifananitsa tonse ndi kamodzi, n'kutimangirira. Kamera imene ilibe polowera timecode imalandira nambalayo ngati mawu kudzera polowera maikolofoni, ndipo Resolve imawerenga mawuwo ndi Update Timecode from Audio Track. Mzere umenewo ndi phokoso lobaya m'makutu. Utsekeni musanavale mahedifoni, ndipo pojambula musaukweze kwambiri, chifukwa umatha kudonthera mu mzere woyandikana nawo.

Chimene chimaononga timecode kawirikawiri ndi kusiyana kwa mafulemu. Kabokosi kakakhala pa 25 kamera ili pa 24, kapena kena pa 29.97 kena pa 30, manambalawo satanthauzanso kanthu. Kuika kamera pa rec run m'malo mwa free run (pamene nambala imayenda osaima) kumachititsa kuti nambala iziima mukasiya kujambula. Kamera imene munangoifananitsa kamodzi n'kuchotsa kabokosi imatha kutaya nthawi mukasintha batire, choncho ifananitseninso.

Dziwani malire ake. Pa zida zambiri timecode imangodinda nthawi yoyambira fayilo. Ikatha kudinda, kamera imayendera wotchi yake, rekoda yake. Pa zidutswa za mphindi ziwiri kapena zisanu palibe vuto. Pa msonkhano wa maola awiri osazimitsa, timecode ikupatsani poyambira polondola koma kumapeto kosemphana. Chimene chimamanga wotchi zenizenizo pamodzi ndi genlock ku kamera ndi word clock ku rekoda, ndipo zimenezi zimapezeka pa zida zapamwamba zokha.

Kutumiza mawu a rekoda ku kamera

Njira yachinayi imachepetsa ntchito yonse: chingwe chochokera potulukira mawu a rekoda kupita polowera maikolofoni pa kamera. Mawu abwino amalembedwa m'kanema momwemo, ndipo fayilo ya rekoda imakhala yosungira. Ngakhale mutasankha kugwiritsa ntchito ya rekodayo, kulunzanitsa ndi mafunde kumalondola kwambiri chifukwa mizere iwiriyo yachokera pa maikolofoni imodzi, ndipo vuto la mtunda lija latha.

Chenjezo ndi la mphamvu ya mawu. Potulukira pa rekoda pamatuluka line level, pomwe kamera yaing'ono imayembekezera mic level, yofooka kwambiri. Popanda chingwe chochepetsa mphamvu, chimene nthawi zambiri chimachotsa madesibelo 25 kapena kuposerapo, kapena popanda kutsitsa mphamvuyo pa rekoda, mawu amasweka. Zimitsaninso kukweza mawu kodzichitikira kwa kamera, muike mlingo ndi dzanja. Maikolofoni zopanda chingwe monga Rode Wireless GO II ndi DJI Mic zimachita zofanana: cholandirira chimapita ku kamera, chotumizira chimasunga fayilo yakeyake. Njirayi simayenera pamene kamera ikuyenda kwambiri ndi chingwe kumbuyo, kapena makamera ali ambiri.

Mawu akamatsetsereka pang'onopang'ono

Mwalunzanitsa poyambira, koma pakatha nthawi milomo yasiyana ndi mawu. Musafulumire kukonza musanayeze, chifukwa kukula kwa kusiyanako kumaulula gwero lake. Apa ndi pamene kuwomba kwachiwiri, kwa kumapeto, kumapulumutsa munthu: muli ndi malo awiri oyezera.

Mawu akasiyana ndi masekondi pafupifupi 5 pa mphindi iliyonse, ndipo wolankhula akumveka ndi liwu lokwera kapena lotsika kuposa lake, fayilo ya 44.1 kHz yawerengedwa ngati ya 48 kHz kapena mosemphanitsa. Mapulogalamu ambiri a masiku ano amasintha okha, komabe ikani rekoda pa 48 kHz kuyambira pachiyambi, poti ndiwo muyezo wa kanema. Kusiyana kwa masekondi awiri ndi theka pa mphindi kukutanthauza kuti kanema wa mafulemu 25 wawerengedwa ngati wa 24. Kwa masekondi 3.6 pa ola ndi kwa 29.97 ndi 30, kapena 23.976 ndi 24. Zitatu zonsezi sizifuna kukoka mawu. Konzani mmene pulogalamu ikuwerengera fayiloyo, vuto lichoka lonse.

Kusiyana kukakhala kosakhazikika, pena kutsogola pena kutsalira, kayikirani kanema. Mafoni ndi mapulogalamu ojambula sikirini amasinthasintha chiwerengero cha mafulemu ali mkati mojambula, makamaka kuwala kukachepa. Pulogalamu ya MediaInfo ikuuzani ngati fayilo ili ya Variable, kutanthauza yosinthasintha mafulemu. Ipititseni mu pulogalamu ya HandBrake mutasankha Constant Framerate (mafulemu osasinthasintha) ndi nambala yeniyeni ya mafulemu, kenako mulunzanitse fayilo yatsopanoyo. Onaninso polumikizira mafayilo ngati kamera imadula kanema wautali m'zidutswa za 4 GB, chifukwa kusemphana kumatha kulowera pamenepo.

Chotsala ndi kutsetsereka kochepa, kokhazikika, kochokera ku wotchi za zipangizo. Wotchi ziwiri zikasiyana ndi magawo 50 pa miliyoni, pa ola limodzi zasiyana ndi mamilisekondi 180, amene ndi mafulemu anayi ndi theka pa 25. Pali njira ziwiri zokonzera, ndipo zonse zimakhudza mawu, chithunzi chisiyeni.

Yoyamba ndi kusintha liwiro la fayilo yonse ya mawu. Tinene kuti pakati pa kuwomba kuwiri kanema ali ndi masekondi 3,600.00 pomwe mawu ali ndi 3,600.18. Mawu ndi atali, choncho afulumizeni: 3,600.18 kugawa ndi 3,600 ndi 1.00005, kapena 100.005 peresenti. Mapulogalamu ena a kanema salola manambala ambiri chotere pambuyo pa kadontho, ndiye chitani zimenezi mu pulogalamu ina monga Audacity kapena ffmpeg, apo ayi kokani mapeto a chidutswacho ndi chida chosinthira liwiro mpaka nsonga yachiwiri ifike pa fulemu yake. Pa mlingo wochepa chonchi sankhani kusintha liwiro wamba, osati kumene kumasunga kamvekedwe ka liwu. Kukwera kwa liwu kwa 0.005 peresenti palibe khutu lingakumve, pomwe njira yosunga kamvekedwe imadula ndi kumata tizidutswa ta mawu ndipo imatha kusiya kunjenjemera.

Yachiwiri ndi kudula mawu pamalo a chete n'kusuntha chotsatiracho. Pa chitsanzo chomwechi, mphindi 10 zilizonse zimabweretsa mamilisekondi 30, osakwana fulemu, moti kudula kamodzi pa mphindi khumi n'kokwanira. Njirayi ndi yabwino pa zokambirana, makamaka ngati mudzadulabe kanemayo m'zidutswa zazifupi. Pa nyimbo yosalekeza mulibe chete woti mudulepo, ndiye tsatirani yoyamba ija.

Kukonza mawu mutalunzanitsa

Lunzanitsani kaye, dulani pambuyo. Munthu akayamba ndi kuyeretsa fayilo ya rekoda mu Audacity, n'kuchotsa kutsokomola ndi malo a chete, wasintha kutalika kwake ndipo sidzagwirizananso ndi kanema. Kuchotsa phokoso, kukweza mawu ndi EQ (kukonza kamvekedwe ka mawu) sizisintha kutalika, choncho mutha kuzichita padera, bola mutulutse fayilo yoyambira ndi kuthera pomwe yoyamba ija inayambira ndi kuthera, ya WAV, 48 kHz, 24-bit. Pewani MP3 pa ntchito yapakatiyi, chifukwa imawonjezera kachete kochepa koyambirira kwa fayilo, kamene kamasuntha zonse. Fayilo yoyambirira isungeni osaikhudza.

Mukalunzanitsa, mangirirani mawu atsopano ku chithunzi kuti mukasuntha china chinzake chitsatire. Mawu a pa kamera atsekeni koma musawafufute, poti ndi mboni yanu zinthu zikadzasokonekera. Kuwasiya akumveka pamodzi ndi a rekoda kumabweretsa mawu a m'chitini: mizere iwiri yofanana ikasiyana ndi milisekondi imodzi yokha, mafunde a 500 Hz amafafanizana, pamodzi ndi ena pamwamba pake. Zomwezi zimachitika pakati pa maikolofoni ya pa malaya ndi ya pa ndodo, chifukwa ya pa ndodoyo ili kutali pang'ono ndi pakamwa. Sankhani imodzi pa chiganizo chilichonse, kapena sunthani ina mpaka mafunde afanane. Kusuntha kotereku n'kochepera fulemu, ndiye mufunika Show Audio Time Units mu Premiere kapena tsamba la Fairlight mu Resolve.

Mu Premiere muli msampha wina. Merge Clips, imene imaphatikiza mawu ndi kanema kukhala chidutswa chimodzi, imaoneka yosavuta, koma imataya zambiri zolembedwa m'mafayilo oyambirira a mawu, ndipo mukadzatumiza ntchitoyo kwa wosakaniza mawu kudzera mu AAF (fayilo yosamutsira ntchito ku pulogalamu ina), amavutika kubwerera ku mafayilo a rekoda. Ngati mawu adzapita kwa munthu wina, gwiritsani ntchito Multi-Camera Source Sequence ngakhale kamera ili imodzi. Potumiza AAF siyani masekondi angapo owonjezera kumbali zonse za chidutswa chilichonse, ndipo ikani kulira kwa 1 kHz kwa fulemu imodzi, masekondi awiri chithunzi choyamba chisanayambe, kuti mawu akabwerera mudziwe powaika.

Podula zolankhula, malo odulawo amamveka chifukwa phokoso la m'chipinda limazima mwadzidzidzi. Jambulani masekondi 30 mpaka 60 a chete wa chipindacho aliyense asanachoke, ndi maikolofoni ili pamalo omwewo, kuti muzidzazira mipata. Pa mfundo iliyonse ikani crossfade (kutsitsa mawu ena kwinaku otsatira akukwera) ya fulemu imodzi kapena ziwiri kuti pasamveke kuthetheka. Mukafuna kuti mawu a munthu wotsatira ayambe chithunzi chake chisanafike, kokani m'mphepete mwa chidutswa cha mawucho, osasuntha chidutswa chonse.

Poyesa ngati zagwirizana, yang'anani zilembo zotseka milomo: m, b ndi p. Fulemu imene milomo yatsekeka iyenera kugwera pamene mafunde atsika, mawu asanaphulike. Ndipo musayese ndi mahedifoni a Bluetooth, amene amachedwetsa mawu ndi mamilisekondi 100 kapena kuposa. Anthu amasuntha mawu olondola kale chifukwa cha mahedifoni oterewa. Gwiritsani ntchito a chingwe.

Ndiye musankhe iti?

Pa kufunsa munthu mmodzi ndi kamera imodzi m'chipinda chabata, mafunde a mawu pamodzi ndi kuwomba m'manja n'zokwanira, ndipo kugula timecode n'kutaya ndalama. Kamera ikakhala pa miyendo yake pafupi ndi rekoda, onjezani chingwe. Pa ntchito ya makamera angapo, zidutswa mazana, kapena panja pamene kamera ili kutali ndi olankhula, timecode imabweza mtengo wake pa nthawi imene mukanathera pa kompyuta. Pa kanema wa nyimbo, ikani kugunda kunayi koyambirira kwa nyimbo ya pa sipika ndipo muziyamba kujambula kugundako kusanamveke, kuti chidutswa chilichonse chikhale ndi poyambira pake posasokonekera ndi kolasi. Pa chilichonse chopitirira mphindi 20 osazimitsa, kaya mwasankha njira iti, womberani poyamba ndi pomaliza, ndipo yezani kumapeto musanadule kalikonse. Mukatulutsa kanema womaliza, tsegulani fayiloyo mu pulogalamu ina yowonera, muyang'ane milomo koyambirira, pakati ndi kumapeto, chifukwa kusemphana kumatha kulowanso pa nthawi yotulutsayo.